Dzina Pansi pa Kambewa ka Mwala

Patatha masiku asanu ndi anayi chimwalirire mkazi wake, Khawi anadzuka n'kupeza kambewa ka mwala katayang'ana kukhomo. Iye anali atakatembenuzira kukhoma ndi dzanja lake, tsiku lomwe anthu oumitsa mitembo anadzanyamula mkazi wakeyo, Wabeti, chifukwa sankafuna kuphana nako maso. Tsopano kanali khale pakampando kake, m'kamphako ka m'khoma momwe timaika nyale, kakuyang'ana kukhomo ngati munthu woyembekezera alendo. Pambali pake panali mkate umene Khawi analephera kudya madzulo, ndipo unali utabenthulidwa m'mbali, timano ting'onoting'ono tikuoneka bwinobwino.

"Mbewa za m'nyumba izi," anadziuza yekha. Anakatembenuziranso kukhoma n'kutuluka.

Koma mbewa m'nyumba imeneyo zinatha kalekale, ndipo wozimaliza anali mphaka wanga. Mudzi wathu wa osema ndi ojambula manda a mafumu ndi wothithikana, moti khoma la Khawi ndi langanso, ndipo iye akatsokomola, amene amadzidzimuka ndine. Zimene ndikunenazi, zina ndinazimva pakhomapo, zina anandiuza mwiniwake tili padenga. Mphaka wangayo ankalowa kwa Khawi ngati kwawo, koma kuyambira m'mawa umenewo ankangofika pakhomo, kununkhiza, n'kubwerera chafutambuyo.

Tizidole totere palibe amene satidziwa kuno. Amuna akatopa ndi kusema nkhope zosamwetulira za akuluakulu, amatola zibenthu za mwala woyera n'kumasema zawozawo: nyani akuyendetsa galeta, mvuu itakwera mumkuyu kukathyola nkhuyu, nkhandwe ikuweta mbuzi chitoliro chili kukamwa. Aliyense amadziwa kuti nyani wamimba uja ndi kapitawo, ndipo timaseka mpaka nthiti kuwawa, koma palibe amene amalembapo dzina. Si kuopa ndodo ya kapitawo kokha ayi. Mzimu wa munthu womwalira masana umauluka kumene ukufuna, koma dzuwa likalowa umafuna pogona, ndipo umalowa paliponse pamene pali dzina lake. N'chifukwa chake dzina timalisema pafano la kumanda basi. Mwana woyamwa yemwe amadziwa zimenezi.

Khawi ankadziwa, koma anali munthu wosafuna kugonja pa mkangano. Zaka zisanu m'mbuyomo anasema tizidole tiwiri totha kukwana m'chikhatho. Kena kanali kambewa konenepa, katakhala pampando ngati mkazi wa nduna, duwa lili pamphuno. Kenako kanali kamphaka kowonda, koimirira ndi miyendo iwiri, kakukupiza mphepo ndi phiko la tsekwe.

"Ameneyu ndiye ndani?" anafunsa Wabeti.

"Ndinu, adona. Wowondayu ndine, kapolo wanu."

"Bodza! Makutu awa ndi a achemwali anga a Hunero. Ine makutu anga ndi aulemu."

"Nanga kamimbaka?"

"Kamimbako n'ka amayi anu."

Anakangana masiku atatu, akuseka. Tsiku lachinayi Khawi anatembenuza kambewako n'kusema pansi pake dzina la mkazi wake, mawu amene anawaphunzira ali mnyamata pofuna kumukopa.

"Werengani, adona."

"Ndiwerenge, ndinaphunzira kuti? Chabwino, ngati ndine, nditseguleni pakamwa ndizidya. Mukufuna ndife ndi njala pampando pomwepa?"

Onse anali atalawako mowa wa pachikondwerero. Khawi anatenga kasemasema wake, nakhudza nako kukamwa kwa kambewako monga amachitira ansembe pa fano tsiku loika maliro, uku akung'ung'udza mapemphero ndi mawu a m'mphuno. Anaseka usiku umenewo mpaka ine ndinamenya khoma kuti anthu tigone. Ana sanakhale nawo awiriwa, ndipo m'nyumba mwawo chimene chinkadzaza chinali phwete lomwelo. Kunena zoona, ndinkawachitira nsanje.

Usiku wotsatira tsiku la mkate lija, Khawi anagona m'chipinda cha kutsogolo, nyale atazimitsa. Mudzi unali zii. Kumapiri nkhandwe inalira kamodzi n'kuleka, ndipo mphepo ya kumpoto, imene imatsikira pabowo la padenga, inkangosisita mphasa. Tulo tili pafupi kumutenga, anamva kaphokoso kakang'ono, kouma, ka mwala ukugunda dothi: khe. Panapita nthawi yaitali. Khe. Kenako kawiri motsatizana, ngati kanthu kakuphunzira kuyenda. Mdima unali wandiweyani moti sankaona ngakhale chikhatho chake, koma mphuno zake zinamva fungo la mafuta amene Wabeti ankadzola kumutu, fungo lomwe linali litatha m'nyumbamo chifukwa kabotolo kake kanapita ndi mtembo. Sanachite mantha. Anati anangomva thupi lake likupepuka ngati ali m'bwato limene lamasuka lokha padooko, madzi akulitenga pang'onopang'ono. M'mawa anapeza kambewako kali pamphasa, pafupi ndi khutu lake.

Madzulo ake anasiya dala nkhuyu ziwiri ndi kachikho ka mowa. Kutacha, nkhuyu imodzi inali itadyedwa theka, ndipo inali yakupsa kwambiri ija. Wabeti sankadya nkhuyu yolimba.

Mawu anayamba kumveka usiku wachinayi. Ine ndinawamva ndi makutu angawa, ndili chigonere kuseri kwa khoma: kunong'ona kwa Khawi, kenako kachete, kenako kanthu kopyapyala ngati mphepo yodutsa m'bango.

"Mwafika, adona?"

"Ndafika. Mwawonda bwanji? Akukuphikirani ndani?"

"Achemwali anu."

"Ndiye chake. Mchere amathira ngati akuumitsa mtembo."

Khawi anaseka, kuseka kwake koyamba chichitikire maliro, ndipo ine tsitsi linandiimirira.

Pachitsime sitipita kuno, madzi amabwera pa abulu n'kuthiridwa mumtsuko waukulu wa pachipata, ndipo nkhani zonse za mudzi zimaphikidwa pamenepo. Ena ankati Khawi walowetsa kale mkazi wina, mtembo wa mnzake usanaume n'komwe. Ena ankati ayi, akuyankhula ndi mtsuko wa mowa. Mayi wina analumbira kuti anaona kambalame kakutsika pabowo la denga lake dzuwa litangolowa, ndipo kanali ndi tsitsi lolukidwa. Anzake anamuseka, koma palibe amene anadutsanso pakhomo pa Khawi kukada.

Nkhanizi zinam'peza Hunero, mkulu wake wa malemuyo, mayi wamasiye wa pakamwa polasa amene ankabwera m'mawa uliwonse ndi mkate ndi nsomba. Tsiku limenelo sanapereke moni. Analowa n'kuyamba kufufuza mkazi wobisikayo, kuseri kwa mitsuko, pansi pa makwerero, mpaka padenga. Sanapeze munthu. Chimene anapeza, m'kachipinda ka kumbuyo, chinali fano la kumanda la mng'ono wake, litafunditsidwa nsalu. Atavundukula anagwira pakamwa. Mapewa analipo, manja analipo, koma nkhope inali mwala wosalala, ndipo dzina panalibe.

"Alamu, masiku apita angati?"

"Makumi awiri ndi limodzi."

"Oumitsa amabweza mtembo pa makumi asanu ndi awiri. Mukufuna mng'ono wanga akalowe m'manda ndi chimwala chopanda maso? Pakali pano akugona kuti, poti thupi lake lili mumchere ndipo fano mwalisiya chonchi?"

Maso a Khawi anam'pereka. Anathawira kukamphako ka m'khoma kaja. Hunero anatsatira masowo, nanyamula kambewako, nakatembenuza. Kuwerenga sankadziwa, koma dzina la mng'ono wake analizindikira monga munthu amazindikirira mapazi a m'bale wake pamchenga. Anakhala pansi.

"Mwachita chiyani, bambo inu?"

"Kunali kuseka chabe, alamu."

"Kuseka! Pakamwa munatsegulanso?"

Khawi anawerama.

Hunero sanakuwe monga tinkayembekezera. Anakabwezera kambewako pamalo pake ndi manja awiri, mosamala ngati dzira, kenako anapita kukaitana Penbuyi, mmisiri wa matabwa amene amatitsogolera pa mapemphero a maliro. Penbuyi anabwera utuchi uli m'mutu, anamvetsera zonse, nakanda chibwano nthawi yaitali.

"Mzimu uli ngati madzi, achimwene," anatero motsitsa mawu. "Umatenga maonekedwe a chimene wathiridwamo. Lero akuyankhula ngati mkazi wanu. Mukamusiya mmenemo, mudzaona. Malizani fanolo, musemepo dzina. Tsiku loika maliro, m'mawa dzuwa litatuluka, iye atauluka, mudzapale dzina pakambewapa mpaka pasalale. Madzulo akadzabwera, adzapeza khomo limodzi lokha, la kumanda."

"Nanga ndikachedwa?"

"Manda tikatseka, tatseka. Pakamwa sititsegula kawiri. Mukadzapala pambuyo pake, adzasowa kolowera konse, ndipo mukadzasiya, adzakhala mbewa mpaka dzuwa lidzaleke kutuluka. Makolo ake kutsidyako, kwa akufa, adzamudutsa osamudziwa."

Khawi anavomera zonse, ndipo m'mawa mwake tinamvadi chosemera chikulira m'kachipinda kaja. Koma ndikuuzeni, ntchito imene mwamuna ameneyu akanaimaliza m'masiku khumi inamutengera mwezi ndi theka. Ankasema diso limodzi, n'kukhala pansi kudikira kuti kude. Ndani angam'dzudzule? Masana anali wamasiye, usiku anali ndi mkazi.

Mausiku amenewo anali okoma, iye anatero. Nyumba inkakhala ngati yakula, makoma atasunthira kutali, denga litatseguka nyenyezi zili ngwee. Wabeti ankamufotokozera kumene wayenda masana: pamwamba pa mtsinje madzi atasefukira, minda yonse itasanduka galasi, midzi ikuyandama ngati mikate m'mbale. Ankati anatera pamlongoti wa ngalawa yonyamula tirigu n'kupita nayo mpaka kumene mapiri amathera. Khawi ankamvetsera maso ali chitsinzinire, osadziwa ngati ali m'tulo kapena ali maso, ndipo sankafuna kudziwa.

Kusintha kunayamba pang'onopang'ono. Usiku wina Wabeti sanakambe za mtsinje, anakamba za nkhokwe ya kwa kapitawo, kuti kuseri kwake kuli kabowo, ndipo tirigu wa mmenemo ndi wonona. Usiku wina anasiya nkhuyu yakupsa n'kudya chingwe cha nyale. Kenako anayamba kudula nkhani pakati.

"Chete! Mwamva?"

"N'chiyani, adona?"

"Kadzidzi."

"Ali kutali, kumapiri. Ndiponso inu kadzidzi munayamba kumuopa liti? Si inu munkamugenda ndi chibenthu?"

"Zimitsani nyale. Kuwala kukundionetsa."

Nyale inali yozima kale.

Tsiku limene anamaliza nkhope ya fano, Khawi ananyamula kambewako madzulo n'kukakaika patsogolo pake. Fanolo linali lokongola monga amakhalira mafano onse: mphuno yowongoka, khosi lalitali, milomo yotsekeka mwaulemu. Anadikira mumdima kufikira atamva khe.

"Ameneyo ndani?" kanafunsa kamawu kaja.

"Ndinu."

"Ine? Mzimayi ameneyu sanasekepo chibadwire. Mano anga otuluka aja ali kuti?"

"Pafano sitisema mano, mukudziwa inunso."

"Ndiye mukufuna ndikakhale mwa mlendo, kumdima, pansi pa phiri, ndekha?" Kenako kanayambanso, mawu akunjenjemera. "Musandichotse muno. Muno mukutentha bwino. Muno muli inu, a... a..."

Khawi anadikira. Anadikira nthawi yaitali.

"Khawi," anadzitchula yekha.

"Eya. Ndimadziwa fungo lanu."

Usiku umenewo anakwera padenga, nandipeza ndili pamphasa yanga, pakuti madenga athu ndi olumikizana. Analira ngati mwana. Ine ndinamuuza mosapita m'mbali kuti apale dzinalo, kuti chikondi chosunga munthu m'kabowo si chikondi. Anagwedeza mutu ngati wamva. Kenako ananena mawu amene sindinawalabadire nthawi imeneyo, ndipo mpaka lero ndimadziimba nawo mlandu.

"Vuto n'lakuti ali yekha. Akanakhala ndi womulondera, sakanaopa kadzidzi."

Tsiku loika maliro linafika. M'mawa, dzuwa litangowomba nsonga ya phiri, Hunero ndi Penbuyi anaima pakhomo pa Khawi. Iye anatuluka ndi kambewako m'manja, pansi pake pali mbee, posalala ngati chikhatho. Penbuyi anapasisita ndi chala, navomera. Hunero anakalandira, nakayang'ana, misozi ili mbwe.

"Makutuwa ndi angadi," anatero, nakaponya pamwala. Kanasweka pakati.

Tinakwera phiri, amayi akulira ndi kudzithira fumbi kumutu. Penbuyi anakhudza ndi kasemasema pakamwa pa mtembo ndi pa fano, tinaika mkate, mowa ndi anyezi, kenako amuna anatseka khomo ndi miyala ndi matope. Aliyense anaona kuti Khawi sanagwetse msozi, ndipo tinati misozi inamuthera kale.

Usiku womwewo, mudzi utagona, ndinamva pakhoma: khe.

Ndinadzuka n'kukhala tsonga. Ndinadziuza kuti ndi chibenthu chagwa kudenga. Koma kenako kunabwera kunong'ona kwa Khawi, kofewa, konyengerera, ngati munthu woitana kamwana kamene kabisala pansi pa bedi. Apo m'pamene ndinazindikira chimene chinam'chedwetsa masiku omaliza aja. Mmisiri amene anasema kambewa kamodzi sangalephere kusema kachiwiri.

Ndikanapita kwa Hunero m'mawa mwake. Sindinapite. Manda anali atatsekedwa, ndipo kuulula kukanangowonjezera olira.

Kuchokera pamenepo Khawi anayamba kufota. Sankatsokomola, sankatentha thupi, sankadandaula paliponse. Sing'anga wa m'mudzi mwathu, wochiza olumidwa ndi zinkhanira, anamuyeza n'kupukusa mutu. Chakudya cha Hunero ankachilandira mwaulemu n'kuchisiya. Masana ankagona padzuwa pakhomo pake, atadzipinda, maso otseka theka, ndipo ukamulankhula ankakuyang'ana ngati uli kutsidya la mtsinje. Usiku mawu a Wabeti sankamvekanso kwenikweni. Ndinkangomva timapazi, kutafuna, ndi Khawi akubwereza kuti, "Musaope, adona. Ndikubwera. Kapolo wanu akubwera."

Tinamupeza m'mawa wina, patatha mwezi chiikire maliro, atagona chagada pamphasa, nkhope ili phee ngati akulota zabwino. Kasemasema anali pambali pake. M'kamphako ka m'khoma munali kambewa kaja, kenikeniko, kali pampando wake, duwa pamphuno. Kumbuyo kwake kunaima kamphaka ndi phiko lake la tsekwe, ndipo kuzungulira mapazi ake kunali fumbi loyera la mwala wongosemedwa kumene.

Hunero ndiye anatembenuza tizidole tonse tiwiri. Pansi pa kambewa panali dzina la mng'ono wake. Pansi pa kamphaka panali dzina lina, mizere yake yatsopano, yakuthwa.

"Chitsiru," anatero, koma mawu ake analibe ukali. "Chitsiru cha mwamuna. Wapita kukam'kupiza mphepo."

Oumitsa mitembo atanyamula Khawi, Hunero anasamukira m'nyumbamo, chifukwa panalibe wina woti n'kusamala awiriwo. Madzulo ankaika nyenyeswa za mkate ndi kamutu ka nsomba, ndipo m'mawa ankapeza zonse zitadyedwa. Mausiku oyambawo, ndikuuzeni, ndinagona bwino kuposa kale lonse. Pakhoma pankamveka khe kuwiri, kwina kopepuka, kwina kolemerako, kukuyendera limodzi. Kamodzi ndinamva Khawi akuti, "Mphepo ikukwana, adona?" ndipo kanthu kena kanalira mopyapyala, ngati kuseka. Ndinalota ndili m'bwato pamadzi osefukira, awiriwo atakhala kutsogolo, akukangana za makutu.

Anali Penbuyi amene anatidzutsa kumalotoko. Anabwera kudzayeza matabwa a bokosi la Khawi, naima patsogolo pa kamphako kaja, nayang'anitsitsa.

"Mayi, kamphakaka kanali chonchi?"

"Chonchi bwanji?"

"Kanali koimirira njo. Taonani msanawu."

Hunero anayandikira. Kamphakako kanali katawerama pang'ono, pang'ono kwambiri, mutu utatsika, mapewa atakwera. Phiko la tsekwe, limene kale linali pamwamba pa mutu wa kambewa, tsopano linali litalendewera m'mbali. Ndipo maso ake sanalinso pa duwa. Anali pakhosi.

"Ndinanena kuti mzimu uli ngati madzi," ananong'ona Penbuyi. "Mkazi zinamutengera mwezi kuti ayambe kuopa kadzidzi. Mwamunayu wathiridwa mu chiyani?"

Khawi, pa zaka zonse zija, pakamphakako ankangoonapo kapolo wokupiza mphepo. Zoti ndi mphaka anali ataiwala, ndipo ife tonse tinaiwala naye.

Penbuyi anati palibe chochita kufikira tsiku loika Khawi. Fano lake amisiri aliyamba, ndipo likadzatha tidzapala dzina pakamphakapo, iye n'kupita kumanda monga munthu. Tikapala lero, asowa kolowera. Hunero anayesa kuwalekanitsa. Anatenga kamphakako n'kukakasiya kwanga, mkati mwa mtsuko wovundikira, koma kutacha kanali kabwerera, fumbi la mumsewu lili kumapazi. Anakakasiya kumapeto kwa mudzi, kwa mlonda wa pachipata. Kanabwereranso. Ndiye anatenga mbale yadothi yokandira mkate, ndipo dzuwa likangolowa amavundikira nayo kambewako, n'kutsindira mwala pamwamba.

Tsopano ine tulo ndilibe. Mdima ukakhwima, mphepo ikaleka, ndimamva khe wolemera uja akuzungulira mbaleyo, pang'onopang'ono, osafulumira, kuima, n'kuyambanso. Nthawi zina pamamveka mawu a Khawi, ofatsa monga kale: "Tsegulani, adona, ndine. Kunja kuno kulibe kadzidzi." Nthawi zina si mawu, ndi kamkonono kochokera pakhosi, kamene mphaka wanga akakamva amathawira padenga. Hunero amakhala tsonga pamphasa usiku wonse, dzanja lili pamwala, akunong'oneza mng'ono wake nyimbo za paubwana wawo. Dzulo m'mawa anapeza phiko la tsekwe lija lili pansi, litathyoka, ndipo kamphakako kali ndi miyendo inayi padothi.

Kwatsala masiku makumi atatu ndi anayi kuti oumitsa abweze mtembo wa Khawi.

Lero mbandakucha Hunero anagogoda pakhomo panga, maso ali psuu, mbale ija ili m'manja. Anati ndimuthandize kupeza mwala wolemera kuposa uja. Ndinayang'ana mbaleyo, kunja kwake kuli mizere ya zikhadabo yokhayokha, ndipo ndinamulimbitsa mtima kuti dothi lake ndi lochindikala, mwamunayo sangaliboole.

"Sindikuopa iyeyo," anatero Hunero.

Anaitembenuza kuti ndione mkati. M'munsi mwake, m'mbali monse, munali timizere ting'onoting'ono ta mano, ndipo pamalo amodzi dothi linali litapyapyala moti kuwala kwa m'mawa kunkalowa.

"Akamuitana, akumayankha," anatero. "Akufuna atuluke apite kwa mwamuna wake."